Mlendo wobisala m'chiwindi

M'makomboni a migodi ya ku Bindura, makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Harare, Chichewa chimamvekabe. Eni ake ndi ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene anadza kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi monga wa Trojan. Pakati pawo pali mayi wina wosamalira odwala kunyumba, amene agogo ake anachokera ku Dedza. Iye anaika m'manda anthu ambiri boma la Zimbabwe lisanayambe kugawa ma ARV mu 2004, choncho ankakhulupirira kuti mdani wa odwala ake ndi mmodzi, kachirombo ka HIV.

Alongo ake anali atamwa ma ARV zaka zingapo ndipo ananenepa bwino. Ntchito ya pamgodi itatha, analowa m'tchire kukakumba golide, nakhala miyezi yambiri osamwa mankhwala. Anabwera maso ali achikasu, mkodzo uli wakuda, thupi litafooka. Achibale ankanong'ona kuti anzawo a ku golide awalodza. Kuchipatala atawayeza magazi, anapeza kachirombo kena, ka matenda a chiwindi a mtundu wa B, kamene mwina anali nako chibadwire.

Dokotala anafotokoza kuti tenofovir ndi lamivudine, amene ali m'ma ARV ambiri, amafooketsanso kachirombo ka chiwindi. Zaka zonsezo mankhwalawo ankagwira akuba awiri, mwini nyumba akudziwa mmodzi. Atawasiya, wachiwiriyo anachulukana mwadzidzidzi ndipo chiwindi chinatupa. Bambowo anapulumuka atayambiranso mankhwala, koma chiwindi chawo chinatsala ndi zipsera.

Matendawa amatha kukhala chete zaka makumi awiri kapena atatu. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi mtundu wa B, koma oyezedwa n'kudziwa anali 13 okha pa 100 alionse. Amafala kudzera m'magazi, pogonana, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa. Pa makanda khumi otenga kachiromboka, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala nako moyo wonse. Wamkulu wathanzi nthawi zambiri amakagonjetsa, koma amene chitetezo chake chatsika kamamukanirira, ndipo kamaononga chiwindi msanga.

Kuyeza koyamba, kwa HBsAg, kumafuna dontho la magazi a pachala ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Komabe mwa anthu ena, makamaka ofooka chitetezo, kachiromboka kamabisala osaoneka, kufikira atayeza DNA yake ku labotale yaikulu. Mtundu wa C, umene masiku ano umachizika ndi mapiritsi a masabata 12, umasokonezanso. Kuyeza kwake koyamba kumafufuza asilikali amene thupi lapanga, ndipo thupi lofooka kwambiri lingalephere kuwapanga. N'chifukwa chake dokotala ayenera kuuzidwa ngati munthu ali ndi HIV, akulandira mankhwala a khansa kapena ena otsitsa chitetezo.

Lero mayiyu akafika pakhomo safunsa za ma ARV okha. Amafunsa ngati wodwala anayezetsapo chiwindi, ndipo opita kutali kukasaka ndalama amawauza kuti apemphe mankhwala okwanira ulendo wonse. Akazi ndi ana a opezeka ndi kachiromboka amawatumiza kukayezetsa, kuti amene alibe afunse za katemera. Amaletsa kubwerekana lezala pometa kapena potema mphini. Alimi amawakumbutsa kuumitsa bwino mtedza ndi chimanga, pakuti poizoni wa chuku akakumana ndi kachiromboka, khansa ya chiwindi imabwera mosavuta. Za kachasu sanyengerera: chiwindi chodwala sichipirira mowa.

Pa 28 Julayi chaka chilichonse dziko limakumbukira matenda a chiwindi, koma wosamalira odwala asadikire tsikulo. Funso la chiwindi lifunsidwe munthu akamayamba ma ARV, akamasintha mankhwala, ndiponso mayi akangoyamba sikelo.