Ulendo wa tsiku limodzi ku Chobe: luso lagona pa mtsinje

Ku Livingstone masiku ano aliyense amene ali ndi galimoto ndi foni akugulitsa ulendo wa ku paki ya Chobe ku Botswana. Oyendetsa taxi, anyamata a ziboliboli pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, ngakhale operekera zakudya m'mahotela, onse ali ndi "mnzawo wa ku Kasane" amene angaonetse mlendo njovu pamtengo wozizira. Izi n'zimene zimawadya mtima bambo ena ochokera ku Katete, amene akhala akukonza maulendo oterewa kuyambira nthawi imene anthu ankawoloka Zambezi pa pantuni. Akuti otchipawo amatchula mtengo wa galimoto yokha. Mlendo akafika pa geti la paki m'pamene amauzidwa kuti ndalama yolowera ndi yapadera, boti nalonso ndi lapadera, nkhomaliro adzionere yekha. Pofika madzulo walipira kuposa amene anapita kwa odziwa ntchito, njovu waziona kamodzi zili patali, ndipo akabwerera kwawo amanyoza Livingstone yense.

Za kunyamula anthu pa hotela cha m'ma 7 koloko m'mawa, kuika madzi akumwa m'galimoto ndi kuyenda ola limodzi kukafika ku Kazungula, bambowa safuna n'kuzikamba komwe. Amati zimenezo angachite aliyense amene ali ndi laisensi.

Ngakhale pa malire pomwe zinthu zinapepuka. Mlatho wa Kazungula, wotalika mamita 923, unatsegulidwa m'mwezi wa Meyi 2021, ndipo anaukhotetsa dala kuti usaponde dziko la Zimbabwe kapena la Namibia, chifukwa pamenepa mayiko anayi ayandikana kwambiri. Usanamangidwe, mathiraki ankakhala masiku pamzere kudikira pantuni, ndipo mu 2003 pantuni ina inagudubuka n'kuphetsa anthu 18. Alendo ankawawolotsa pa timaboti ting'onoting'ono, atapanikiza makamera pachifuwa. Lero munthu amatsika pa nyumba imodzi, maofesala a Zambia ndi a Botswana ali momwemo, kudinditsa kotuluka ndi kolowa n'kumapita. Bambowa amavomereza kuti mlathowo unawathandiza, koma amadandaulanso kuti ndi umene unatsegulira njira ochita zachinyengo aja. Pantuni inkasefa anthu, aulesi ankaithawa.

Mapepala a alendo bambowa amawayang'ana okha dzulo lake, pasipoti iliyonse m'manja, osati pa foni. Amene akufunika viza amamulangiza atenge ya KAZA, ya madola 50, imene imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Zimbabwe kwa masiku 30 ndipo imalola kupita ku Botswana n'kubwera tsiku lomwelo kudzera pa Kazungula. Amene analowa m'Zambia ndi viza yolowera kamodzi, akangodinditsa kutuluka ndiye kuti yatha, pobwera madzulo agulanso ina. Pa ana m'pamene mabanja ambiri amakakamira: Botswana imafuna kalata yakubadwa ya mwana aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ngati wabwera ndi kholo limodzi pamafunikanso chilolezo cholembedwa cha kholo linalo. Nyama yaiwisi siwoloka. Nsapato aliyense amaponda m'mankhwala, chifukwa dzikolo limaopa kwambiri matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Mayi wina wovala nsapato zodula anayamba wakangana ndi ofesala pa nkhani yomweyi, anzake onse akudikira padzuwa, koma mapeto ake anapondabe.

Kutsidyako alendo amalowa m'galimoto ya ku Botswana, yoyendetsedwa ndi gaidi wa chilolezo cha komweko. Ndiye munthu angafunse kuti ntchito ya mkulu wa ku Katete ili pati. Iwo amati ili posankha gaidi, posankha boti, ndipo koposa zonse posankha chimene chiyambe.

Apa m'pamene amakhazikika bwino pampando. Ulendo wa tsiku limodzi uli ndi chilema chimene otsatsa malonda satchula: umaphonya m'bandakucha ndi chisisira, nthawi imene mikango ndi anyalugwe amayenda. M'nyengo yozizira geti limatsegulidwa 6 koloko m'mawa, pamene mlendo wa ku Livingstone akadali m'bulangete. Iye amafika ku Kasane dzuwa litakwera, ndipo cha m'ma 4 koloko masana ayenera kuyamba kubwerera. Maola amene amatsala ndi otentha, amene nyama zambiri zimakhala zitabisala pamthunzi. Choti n'kugawa chilipo chochepa: maola ngati atatu pa boti, ena ngati atatu pa galimoto, nkhomaliro pakati. Makampani ambiri amayamba ndi boti n'kumaliza ndi galimoto chaka chonse, chifukwa ndi mmene ndandanda ya mahotela imayendera. Bambowa amati amenewo ndi malonda a basi, chifukwa mtsinje wa Chobe sukhala chimodzimodzi miyezi yonse.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala madambo a m'tchire amakhala atauma gwa, ndipo njovu zimakakamizika kutsikira kumtsinje. Sizitsika m'mawa. Zimayamba kutuluka m'nkhalango dzuwa likafika paliwombo, gulu ndi gulu, ndipo masana onse gombe limadzaza. M'miyezi imeneyi iwo amalimbana kuti galimoto iyambe, anthu akalondole mapazi a mikango pamchenga mphepo isanawafufute, akaone nyamalikiti, ngoma ndi mphalapala kutentha kusanakule, ndiye boti libwere masana pamene njovu zikuwolokera pa chilumba cha Sedudu. Amene anaonapo njovu ikusambira, thupi lonse lili m'madzi, chitamba chokha chili m'mwamba, ana ali pakati pa akuluakulu, sadzafunsanso chifukwa chake mkuluyu amakangana ndi eni maboti pa nkhani ya nthawi. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, zonse zimatembenuka. Madzi amapezeka paliponse, njovu zimabalalika m'tchire, ndipo gombe limatha kukhala mbee. Pamenepo boti la m'mawa ndiye labwino, chifukwa mbalame zimakhala zadzadza, mvuu ndi ng'ona zili pomwepo, ndipo masana mitambo ikhoza kuchita zake. Cha mu Epulo ndi Meyi Zambezi amadzaza mpaka kukankha madzi a Chobe kuti abwerere kumene achokera, zigwa zimamira, ndipo tinjira tina ta m'mbali mwa mtsinje timatsekeka.

Dzuwa nalo ali nalo mawu. M'miyezi yozizira limadutsa chakumpoto, mbali ya Namibia. Munthu wa pa boti akamayang'ana gombe la Botswana, kuwala kumachokera kumsana kwake, zithunzi zimatuluka bwino. Wa pa galimoto akamayang'ana kumtsinje amathobwa m'maso ndi kunyezimira kwa madzi. Alendo a makamera akuluakulu amawakonzera poganizira zimenezi, ngakhale ambiri sazindikira n'komwe kuti wina anawaganizira.

Maboti aakulu a nsanjika, okhala ndi mowa ndi nyimbo, sawafuna. Amakonda laling'ono la anthu khumi kapena kucheperapo, limene woyendetsa angathe kulizimitsa injini patali n'kulisiya madzi alitenge pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi ng'ona yoothera dzuwa, kapena pansi pa mtengo umene nkhwazi yatera. Woyendetsa wabwino amadziwa pamene mvuu zagona ndipo sadutsa pakati pa izo ndi madzi akuya. Wosadziwa amathamangira pamene aona maboti ena ataunjikana, n'kufika ndi mafunde amene amathawitsa chilichonse.

Chilumba cha Sedudu chili ndi mbiri yakeyake imene iwo amakonda kufotokozera alendo. A ku Namibia amachitcha Kasikili, ndipo mayiko awiriwa anachilimbirana mpaka nkhani inakafika ku khoti la dziko lonse ku The Hague, limene mu Disembala 1999 linagamula kuti ndi cha Botswana. Mbendera ya Botswana ilipo pachilumbapo, njati ndi nseula zikudya msipu m'munsi mwake. Kutsidya la Namibia kumaoneka ng'ombe ndi asodzi m'mabwato. Chobe inakhala paki mu 1967, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 11,700, kotero mlendo wa tsiku limodzi amangonyambita kachigawo ka m'mbali mwa mtsinje. Kalembera wa pandege wa 2022 anapeza njovu pafupifupi 228,000 m'dera lonse la nyama lotchedwa KAZA, limene lakhudza mayiko angapo a kuno, ndipo pafupifupi 132,000 mwa izo zinali ku Botswana.

Zonsezi bambowa sanaziphunzire ku Chobe. Anaziphunzira ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, kumene anapita ali mnyamata kukagwira ntchito yonyamula tiyi pambuyo pa alendo oyenda pansi. Maulendo apansiwa anawayambitsa ndi Norman Carr, amene anamwalira mu 1997, ndipo amene anawaphunzitsa bambowa anali nkhalamba ina ya Chikunda ya m'badwo umene unagwira ntchito m'masiku amenewo. Akafika pa nkhalambayi nkhani ya Chobe imayamba yaima. Inali yosadziwa kulemba bwino, mayina a mbalame a m'mabuku inalibe nawo ntchito, koma inkayenda ndi kathumba ka phulusa m'thumba la malaya. Ikaima, inkagwedeza kathumbako n'kuona kumene phulusa likupita, ndipo gulu lonse linkakhota popanda kufunsa. Ndowe za njovu inkazithyola ndi dzanja kuti imve kutentha kwake, ione ngati muli nthanga za mpfula kapena makungwa a tsanya, n'kunena kumene njovuyo yachokera ndi kumene ikamwe madzi.

Kuphunzitsa kwake kunali kwa mafunso okhaokha. Inkaima pansi pa mvunguti n'kuloza pansi.

"Mwana iwe, wadutsa apa ndani?"

"Mvuu, atate."

"Imapita kapena imabwera?"

Mnyamata akayankha msanga, nkhalamba inkangoyenda osanena kanthu, ndipo ankadziwa yekha kuti abwerere akayang'anenso. Madzulo pamoto inkamufunsa kuti anyani aja anakuwa kangati, anayang'ana mbali iti, ndipo nswala zinaima bwanji. Inkaletsa kuloza nyama ndi dzanja lotambasula, kuyankhula mlendo akuyang'ana, ndiponso kulonjeza. Pa kulonjeza inali yaukali zedi. Mnyamata wina atauza azungu kuti lero aona nyalugwe, inamubweza ku kampu kuti akatsuke mbale sabata yonse. Inkadya nsima yake payokha, fodya inkasuta wopichira yokha, ndipo malipiro a ophunzira ake inkawerengera pamaso pawo kuti kapitawo asawabere. Bambowa amatha ola lathunthu akusimba za mmene inkadziwira kuti mvula yayandikira poona nyerere, ngakhale zimenezo sizikhudzana konse ndi kuwoloka Kazungula.

Lamulo la kusalonjeza lija ndi limene limawatayitsa makasitomala lero. Mlendo amafika atalemba kale nyama zisanu zimene akufuna: mkango, nyalugwe, njovu, njati ndi chipembere. Iwo amamuuza poyera kuti njovu ndi njati m'chilimwe n'zosakayikitsa kwenikweni, mkango ndi mwayi, nyalugwe masana ndi mwayi waukulu, ndipo chipembere m'mbali mwa mtsinje wa Chobe asachiyembekezere. Akachifuna apite ku paki ya Mosi-oa-Tunya, pakhomo pomwe pa Livingstone, kumene zipembere zoyera zimalonderedwa ndi asilikali a nyama usana ndi usiku. Mlendo amamva zimenezi, n'kutuluka, n'kukakumana ndi mnyamata wa pa kona amene amamulonjeza zisanu zonse ndi kuchotserako madola 30.

Ena amanenerera mtengo ngati akugula tomato pamsika, chonsecho ndege yowabweretsa analipira osaphethira. Saona kuti m'ndalama imodzimodziyo muli mafuta a galimoto ziwiri, msonkho wa paki, boti, chakudya, inshuwalansi, ndi malipiro a anthu a mayiko awiri, ena olandira makwacha, ena mapula. Palinso ochedwa kudzuka, amene amadyetsa anzawo ola lathunthu la mtsinje, ndi opempha dalaivala kuti atuluke mumsewu asendere pafupi ndi mkango. M'paki liwiro ndi makilomita 40 pa ola, kutuluka mumsewu n'koletsedwa, ndipo amene amalandidwa chilolezo ndi gaidi, mlendo ali m'ndege kupita kwawo. Amene bambowa amawakonda ndi mabanja a ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Harare amene ayamba kubwera m'masiku a tchuthi. Akuti amenewa amafunsa mafunso ambiri, amaseka akaona njiri zikuyenda m'misewu ya Kasane osaopa munthu, ndipo akamva gaidi akuwayankhula m'Chinyanja, ulendo wonse umasanduka macheza.

Amene ali ndi masiku awiri, iwo amamulangiza agone ku Kasane kuti alowe m'paki geti likangotsegulidwa ndi kukhala pa mtsinje mpaka dzuwa kulowa, ngakhale kuti potero phindu lalikulu limatsala kwa a ku Botswana. Amene ali ndi tsiku limodzi lokha, asanapereke ndalama afunse wogulitsayo ngati msonkho wa paki uli momwemo, boti limanyamula anthu angati, ndiponso kuti m'mwezi umenewo ayamba ndi boti kapena galimoto. Wogulitsa akalephera kufotokoza chifukwa cha yankho lomalizalo, mlendo asunge ndalama zake akafunse kwina.