Botolo langa si lodzikongoletsera

Ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa za botolo loyera lomwe silichoka m'chikwama mwanga. Ena mumati ndi loshoni wa mabwana. Ena mumangotambasula dzanja n'kumati, "Aise, tidzoleko pang'ono," ndikakana ndiye ati ndine woumira. Ndaona kuti ndikuyankheni nonse pamodzi pano pa bolodi.

Ine ndinabadwa ndi khungu lachialubino. Khungu lanu lili ndi melanin, uja tinaphunzira mu Biology, amene amatchinga mphamvu ya dzuwa yosaoneka ndi maso yotchedwa UV. Langa lilibe. Inu mukakhala padzuwa ola lathunthu mumangotuluka thukuta basi. Ine ndimafiira, usiku khosi limaotcha ngati andithira madzi owira, kukamacha matuza. Matuzawo amapola, vuto si limenelo. Vuto n'lakuti kupsa kulikonse kumasiya chilema mkati mwa khungu, ndipo zikaunjikana kwa zaka zimabala khansa ya pakhungu. Pa wailesi mumamva za achiwembu omwe amasaka anthu ngati ine, ndipo n'zoopsadi. Koma khansayi ikutitha ambiri kuposa zikwanje, kungoti imapha mwakachetechete.

Ndiye botolo lija ndi mankhwala. Palembedwa SPF 50, kutanthauza kuti ukadzola okwanira amatchinga pafupifupi 98 pa 100 ya cheza chomwe chimawaula khungu. Ali ndi malamulo ake otopetsa. Ndimadzola kukatsala mphindi 20 kuti ndinyamuke kunyumba. Pakatha maola awiri ndibwerezenso, ndikatuluka thukuta ndibwerezenso, n'chifukwa chake mumandiona ndikudzola pa buleki. Malo oiwalika ndi omwe amapsa kwambiri: makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo, pamwamba pa manja. Botolo silifuna kusiyidwa pawindo chifukwa kutentha kumaononga mafutawo, ndipo ndimayang'ana deti yake ngati mmene timachitira ndi mapilitsi. Vaseline ndi glycerine sizilowa m'malo mwake ayi, zimangonyezimiritsa khungu, dzuwa n'kumachita zake.

Mafutawa ndimakalandira ulere kuchipatala cha boma. Koma kuti ndikafike kumeneko amayi ayambe apeza ya kabaza, ndipo nthawi zina umafika n'kuuzidwa kuti atha, ubwerenso. M'sitolo mtengo wake ndi woti kwathu sitingaulote n'komwe. Mukandipempha "pang'ono" anthu khumi, mwanditengera sabata yathunthu.

Pali chinthu china chomwe chimandidabwitsa, atsikana anzanga musandide. Mafuta oyeretsa khungu omwe ena mukugula kumsika ntchito yake ndi kuchepetsa melanin yemweyo. Eti munthu kutulutsa ndalama kuti achotse chishango chomwe ine ndikanakonda ndikanabadwa nacho! Khungu lotupitsidwa choncho limapsa msanga, ndipo mathothomathotho akuda omwe amatuluka m'masaya aja dzuwa ndi lomwe limawakuza. Ngakhale inu akuda bii musadzinamize, melanin amachepetsa ngozi koma saithetsa. Chilonda chomwe chikukana kupola, kaya ndi pamlomo kaya kuphazi, chikaonedwe kuchipatala.

Tsopano za chipewa. Ahedi anandiloleza kuvala chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali, mapulifekiti dziwani zimenezo. Si matama, ndipo si choseweretsa choti muziponyerana pa asembule ine ndili mbuu padzuwa. Ena mumaseka mukandiona nacho mu Juni kunja kuli mitambo ndi chisanu. Mitambo imabisa dzuwa koma UV amadutsa ndithu, ndipo kuzizirako n'komwe kumapusitsa munthu kuti akhalitse panja.

Za chibalo, sindikupempha kuti muzindisiya. Ndikachedwa ndilangidwe ngati wina aliyense. Koma dzuwa limaluma kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndipo nthawi yotchetcha pasukulu pano imagwera pakati penipeni pamenepo. Ndipatseni mopu ndikolope makalasi onse a Fomu 3, ndi laibulale yomwe ngati mukufuna. Chikwakwacho ndidzagwire dzuwa likapendeka.