Chitsulo chotsamira pankhokwe chija sindikugulitsa

 Lero za feteleza tipumeko kaye. Pali nkhani yomwe yayenda pagulu la banja lathu pa WhatsApp, mpaka yafika kuchigayo, yoti ine ndayamba kugulitsa galimoto ya mng'ono wanga chitsulo chimodzichimodzi. Wina anajambula chitsulo chili chotsamira pankhokwe yanga n'kutumiza. Ndiye ndati ndifotokoze pano poyera kuti aliyense adzimvere yekha, chifukwa nkhani ikadutsa pakamwa pa anthu asanu imafika itamera nyanga.

Galimotoyo mukuidziwa, Delica yoyera ija yokoka ndi matayala onse anayi. Mng'ono wanga anaigula ndi thukuta la ku Johannesburg n'kundisiyira kuti izithandiza pakhomo. Imanyamula tomato wakudimba, mpunga, chimanga, nthawi zina usipa wa anthu kupita nawo ku Mangochi boma. Koma ntchito yake yaikulu ndi ya usiku. Munthu akadwalika kumidzi yakumtunda, m'munsi mwa mapiri muja, foni imene imalira ndi yanga.

Mu Januwale chaka chino inalira cha m'ma 1 koloko usiku. Mwana wa mlamu wanga, wapakati koyamba, matenda anali atayamba. Kupita ndinapita bwinobwino. Pobwera mpamene zinavuta. Chichokereni mvula ya Freddy ya mu Malichi 2023, kanjira kakumtundako kanadulidwa ndi chigwembe, ndipo chaka chilichonse madzi amachikuza. Chigwembecho chimadutsa njira chopingasa mopendeketsa, ndiye matayala salowamo awiriawiri ayi, limalowa limodzi linzake likadali pamwamba. Titalowa, galimoto inangoima. Injini ikulira bwino, matope osachuluka, koma osasuntha. Nditatsika ndi tochi ndinapeza tayala lakumbuyo lakumanzere lili m'malere, likungozungulira lokha ngati chigayo chopanda chimanga, lakutsogolo lakumanja nalo likungopala dothi.

Tinadzutsa anyamata, kututa miyala, kujeka, kukankha. Pafupifupi ola lathunthu. M'galimoto mtsikana akubuula, amayi awiri atamugwira, wina akupemphera Chiyao wina Chichewa. Mayi ake sanandinene kanthu, amangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanangondikalipira. Tinafika kuchipatala cha St Martin's, mwana anabadwa kusanache, onse ali bwino mpaka lero. Koma ola limene lija linandikhala pamtima.

Sabata yomweyo ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita kwa makaniko wina wachikulire wa m'tauni. Atamva nkhani yanga sanatsegule n'komwe kuinjini. Anayala katoni pansi n'kuti, "Bambo, gonani apa muone nokha." Anandionetsa chitsulo chozungulira, chonenepa ngati chala chachikulu, chochoka kutayala lina kufika kulinzake, chopindika kunsonga zonse ziwiri. Pakati chagwiridwa ndi mabulaketi awiri okhala ndi mabushi a labala, ndipo kunsonga kuli timalinki tating'ono. Iwo amati stabilaiza. Kutsogolo kuli china, kumbuyo china.

Ntchito yake anandifotokozera chonchi. Matayala awiri akakwera pamodzi, monga pahampu, chitsulocho sichichita kanthu. Koma limodzi likakwera lina n'kutsika, chimapotoka, ndipo popotokapo chimakana. Zili ngati anthu awiri asenza mtanda umodzi paphewa: wina akafuna kutsikira m'dzenje, mtanda umamukoka kuti akhale mofanana ndi mnzake. Pakona ya patala zimenezi n'zabwino, chifukwa galimoto siipendama kwambiri. Koma pachigwembe tayala limafuna kutsika kuti lipeze dothi, chitsulo n'kulikaniza, ndiye limatsala m'malere. Tsono difu nayo ndi yaulesi, imatumiza liwiro kutayala lomwe likuzungulira mosavuta, lomwe laponda pansi n'kungokhala duu.

Ndinati tichotse. Mabawuti anali ndi dzimbiri, tinawathira oyilo, ola lisanathe chitsulo chili panja. Chakutsogolo anakana kuchikhudza. Ndipo pano ndinene zoona, bamboyo anandichenjeza. Anati, "Patala izipendama kuposa kale. Pakariyala musamaikepo katundu, ndipo pakona muziyamba mwachepetsa liwiro." Ndinavomera ndi mutu, koma maganizo anali kuchigwembe.

Tsiku lomwelo madzulo ndinakayesa. Abale, galimoto inadutsa ngati nanzikambe, mwendo uwu kutsika, uwu kukwera, matayala onse akugwira pansi. Anyamata omwe anakankha usiku uja anaimba m'manja. Dzinja lonse sindinatitimirenso, ndipo ndinayamba kudzitama kuti ndapeza mankhwala. Mng'ono wanga sindinamuuze. Ndinati adzaona yekha akadzabwera.

Walira mvula walira matope. Mu Meyi ndinapita ku Namwera kukagula chimanga, poti chathu cha kunyanja kuno sichinachite bwino. M'kati tinadzaza, matumba asanu ndi limodzi n'kutsala. Kubwereranso ulendo wina ndinaona mafuta, ndiye ndinati akwere pakariyala. Matumba a makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 300 pamwamba pa denga la galimoto yomwe ndi yaitali kale m'mwamba. M'katimo munali mayi akunyumba, mdzukulu wathu wazaka zinayi, ndi amayi awiri omwe anapempha lifiti.

Amene munatsikapo phiri la Chowe mukuwadziwa makona aja. Yoyamba galimoto inapendama, ndinamva m'mimba kuti myuu, koma ndinati n'zazing'ono. Yachiwiri inagona ngati bwato lomenyedwa ndi mwera cham'mbali. Ndikukhotetsa siteling'i, mphuno ya galimoto ikufunabe kupita kutsogolo, matumba apamwamba akukokera kunja. Tayala lakutsogolo linatsika patala n'kuponda timiyala tam'mphepete. Kupitirira pamenepo ndi phompho. Mmene inabwerera mumsewu ine sindingadzitame nazo, manja anga sanachite chanzeru chilichonse.

Nditapeza poima ndinazimitsa injini. Mayi akunyumba anatsika, anabereka mdzukulu kumbuyo, n'kunena mawu anayi okha: "Ife tiyenda wapansi, bambo." Ndinatsitsa matumba onse apamwamba, ndinawasungitsa pakhomo lina lam'mbali mwa msewu, ndipo mafuta omwe ndinkaumira aja ndinawawotchabe mawa lake pokawatenga. Kutsika phiri lotsalalo tinatsika pagiya yoyamba, mwakachetechete ngati tikuperekeza maliro.

Chithunzi chija chitafika ku Joni, mng'ono wanga anaimba usiku. Ndinamuuza zonse, za chigwembe ndi za ku Chowe zomwe. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa netiweki yaduka. Kenako anati, "Achimwene, chitsulocho sindikudandaula nacho. Galimoto ikagwa ndidzagwira ntchito ndidzagula ina. Nanga alamu ndi mwanayo ndikawagula kuti?" Ndinalibe choyankha. Kulakwa kwanga kunali kuwiri: kuchotsa chinthu pagalimoto ya mwini osamufunsa, ndi kumva chenjezo n'kulisiya pagalaja pomwepo.

Koma ndisanamenso kuti kuchotsako kunali kopanda nzeru konse. Pakati pa Januwale ndi Epulo ndinatsitsa odwala angapo kudutsa pachigwembe chomwecho osaimapo. Chitsulo chimodzi chomwechi chimapulumutsa patala n'kupinga kuthengo, ndipo galimoto yathu imayenda konseko. Apa mpamene panandizunguza mutu masabata angapo.

Tagwirizana chonchi ndi mwini wake. Chitsulo chibwerera m'malo mwake sabata ino, ndi mabushi atsopano, chifukwa kuyambira pano mpaka mvula idzagwe maulendo ambiri ndi apatala ndiponso a katundu. Dzinja likadzafika tidzangomasula malinki, chitsulo n'kuchimangirira bwino m'mwamba kuti chisamagunde paipi ya mabuleki, osachichotsa chonse. Nthawi imeneyo pakariyala sipadzakwera ngakhale thumba la makala, ndipo ulendo wa ku Namwera kapena ku Chiponde sudzayambika malinki asanabwezeredwe. Ndi ntchito ya masipanala awiri ndi mphindi zochepa, ulesi wokha ndi umene ungandiletse.

Kwa anyamata oyendetsa maminibasi ndi timagalimoto tonyamula anthu pamsewu wa ku Makanjira, amene ena munabwera kudzasuzumira pansi pa galimoto yanga: musatengere. Inu mumadzaza anthu, katundu pamwamba, ndiponso mumathamangira kulanda makasitomala. Mukamva kugogoda kumbuyo, kawirikawiri amakhala mabushi kapena malinki atha, gulani ena, osati kutaya chitsulo chonse. Chakutsogolo ndiye musachiyerekeze n'komwe.

Chomaliza, ndipo n'chimene ndalembera zonsezi. Galimoto inalibe mlandu, mlandu uli ndi chigwembe. Zaka zonsezi takhala tikuchilambalala, tikudikira kuti wina adzabwera kudzatikonzera, ine mpaka kukasokoneza galimoto m'malo mokonza njira. Ndalankhula ndi amfumu ndipo avomera. Loweruka likubwerali, 6 koloko m'mawa, tikumane pamenepo ndi makasu, mapiki ndi mawilibala. Miyala ndituta ndine ndi galimoto yomweyi, m'kati osati pamwamba. Tikufuna tiyale miyala pansi ndi kupatutsa madzi kumtunda nthaka ikadali youma. Inu a m'tauni, makasu sitikupemphani, koma thumba la simenti mmodzimmodzi litithandiza kuti miyalayo isakokoloke ndi mvula yoyamba. Amene anajambula chitsulo chija nayenso abwere, foni asiye kunyumba, atenge fosholo. Thobwa mayi akunyumba alonjeza, ngakhale mpaka lero akakwera galimotoyo amayamba ayang'ana padenga.