Tsiku Limodzi pa Mua: Utoto Wamadzi Subisa Cholakwa

Dzuwa likamatuluka cha kunyanja, limayamba lawalira mapiri a Dedza kenako n'kutsikira pa Mua. Misa ya m'mawa ikamatha, kanjira kochokera kumsewu wa Salima ndi Balaka kamakhala katadzaza kale: akabaza atakweza odwala opita kuchipatala cha mishoni, amayi atasenza mabeseni a tomato, ana a pasukulu ya osamva akucheza ndi manja. Ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoniyi mu 1902, ndipo mpaka lero anthu a m'dera la Mtakataka amabwera kuno kudzafuna mankhwala, maphunziro ndi pemphero.

Ikamakwana 8 koloko, ku KuNgoni kwayamba kale kumveka go! go! go! wa amisiri osema. Malo a zaluso ndi chikhalidwewa anawayambitsa mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'Malawi mu 1967 ndipo anapatsidwa mfunda wa Chisale. Ambiri amadziwa KuNgoni chifukwa cha ziboliboli, koma Bambo Boucher anatchukanso pojambula ndi utoto wamadzi. Zilombo za gule wamkulu zimene anajambula zili m'buku lawo la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance.

Pansi pa mtengo, chapatali pang'ono ndi phokoso la osema, mnyamata wina wakhala pambali pa mmisiri wachikulire. Ali ndi pepala lokhuthala, maburashi, kabokosi ka utoto ndi zitini ziwiri za madzi, china chotsukira burashi, china chosungunulira utoto. Akujambula mapiri aja. Utoto umenewu uli ndi malamulo ake. Ndi woonekera mkati, choncho chilichonse chimene chapakidwa pansi chimaonekabe ngakhale upake china pamwamba. Kuyera kwa mtambo ndi kuyera kwa pepala lenilenilo, ndipo ukapakapo sikubwereranso. N'chifukwa chake amayamba ndi mitundu yowala n'kumalizira yakuda. Wojambula ndi penti wamafuta akalakwa amangopaka wina pamwamba, koma wa utoto wamadzi mwayi umenewo alibe.

Pa Mua pamatentha, ndipo pepala limauma msanga. Thambo la mnyamatayo litangoyamba kuuma, dontho la madzi lagwa kuchokera paburashi. Madziwo akankhira utoto m'mbali n'kusiya banga lotuwa la m'mphepete mwakuda. Mwamantha, wayamba kupukuta ndi kansalu.

"Leka, mwanawe! Chotsa dzanja," atero mkuluyo.

"Koma aphunzitsi, chaonongeka."

"Chikuonongeka tsopano lino, ndi dzanja lakolo. Chisiye chiume. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawuwo abwera mochedwa pang'ono. Pomwe wapukutapo, pepala lasupuka, ndipo utoto wabuluu wasakanikirana ndi wofiirira wa phiri n'kukhala matope.

Chakumasana minibasi yatsitsa ana asukulu odzaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare. M'katimo muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Wowaonetsa malo akufotokoza tanthauzo la chilombo chilichonse ndi mwambo umene chimaphunzitsa, anawo ali kukamwa yasa. Kale zoterezi sizikanatheka pabwalo la mishoni. M'zaka za m'ma 1920, amishoni ndi a Nyau ankalimbana kwambiri m'dera lino, makamaka pa nkhani ya ana, woti apite kusukulu ndi woti apite kudambwe. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unalimbikitsa Mpingo kulemekeza zabwino za m'chikhalidwe cha anthu, ndipo KuNgoni ndi chipatso cha maganizo amenewo. Mkangano wakalewo sunafufutike m'mbiri, ndipo si Akhristu onse amene amagwirizana pa za gule ngakhale lero. Koma pamalo pomwe panali kunyozana pali tsopano kumvetsera, ndipo UNESCO italemekeza gule wamkulu mu 2005, pa Mua anali atayamba kalekale kusunga ndi kufotokoza nzeru zake.

Dzuwa litapendeka, osema abwerera kumitengo yawo, alendo akutsatsa ziboliboli, ndipo mnyamata uja wapeza pepala lake litauma gwa. Mkuluyo akumuonetsa mabanga awiri. La dontho lija latuwa, moti kupakapo utoto wopepuka kamodzi kokha kukhoza kulikhazika pansi. Koma pamene anapukuta, pepala likumwa utoto mosalingana, ndipo chipseracho chikhalapo mpaka kale.

Apa pali phunziro limene Mkhristu aliyense amalidziwa mumtima. Kawirikawiri chimene chimapha chithunzi, banja kapena ubwenzi si kulakwa koyamba, koma changu chofuna kubisa. Mfumu Davide atachimwa ndi Bateseba, anayesa kukwirira tchimolo, ndipo kukwirirako kunathera pa imfa ya Uriya. Kuchira kwake kunayamba pamene mneneri Natani anamuloza chala, iye n'kuvomera. Anakhululukidwa, komabe zotsatira za tchimolo zinatsalira m'nyumba mwake. Kulapa sikubweza pepala kuti likhalenso loyera. Kumapatsa munthu mphamvu yoyang'ana banga lake popanda kunama, n'kupitiriza ntchito m'manja mwa Mulungu amene sataya munthu chifukwa cha chipsera.

Mnyamatayo wamaliza chithunzi chake. Mapiri aoneka bwino, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe yakhala ndi mthunzi wake, koma pathambo pali chipsera chimene aliyense angachione. Akufuna kuching'amba.

"Usang'ambe. Lemba tsiku la lero kumbuyoko, ulembenso chimene chinachitika," atero mkuluyo. "Ine ndili nazo zambiri zoterezi, ndipo zinandiphunzitsa kuposa zimene ndinagulitsa."

Madzulo afika. Minibasi ya ana yanyamuka, amayi akuwerenga ndalama za tomato, osamalira odwala akusonkha moto pafupi ndi chipatala, ndipo a kwaya akulowa m'tchalitchi kukaphunzira nyimbo za Lamulungu. Kumenekonso akalakwitsa mzere, woimbitsa amawaimitsa n'kuyambiranso.

Mnyamata uja watsuka maburashi, wataya madzi akuda aja, ndipo akutsanzika.

"Mawa ulawirire kusanatenthe," atero aphunzitsi ake. "Tidzayamba ndi thambo lokhalokha, ndipo dontho likadzagwanso, manja udzawaike kumbuyo."