Kope la mafuta a pikapu ya bambo

Amene amandilipirira fizi ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, yomwe bambo anagula kwa munthu ine ndili fomu 2. Katatu pa sabata pikapuyi imanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha kupita ku msika wa Lizulu, pamsewu wa M1 mukadutsa Dedza, kukatenga kabichi, tomato ndi mbatatesi za amayi ogulitsa m'misika ya m'tauni. Amene amayendetsa ndi malume anga, mlongo wawo wa mayi. Musaiwale chibale chimenechi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo MERA inakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Bambo anamva pa wailesi ngati wina aliyense, ndipo ankadziwa kuti ndalama ya mafuta ikwera. Koma akawerengera zomwe akupereka kwa malume ulendo uliwonse, mtima unkakana. Anayamba kuponya mawu m'mbali pa chakudya chamadzulo: "Galimoto imeneyi masiku ano ikumwa ngati ili ndi mnzake womwa naye." Mayi ankangoti chete, mbamu ili m'manja. Tonse tinkadziwa amene akunenedwa.

Ine ndinali pa holide, nditangomaliza kosi ya statistics, mutu utadzaza nzeru zosowa pogwirira ntchito. Ndinagula kope la ana a pulayimale n'kulemba mizere isanu: tsiku, nambala ya makilomita ya pa dashibodi, malita, ndalama, katundu. Ndiulule pompano kuti sindinagule kopelo pofuna kuyeretsa malume. Ndinkafuna kuwagwira.

Ambirife mafuta timawayeza ndi ndalama. "Ndathira a 50 pini, andifikitsa Lachinayi." Muyeso umenewu umafa tsiku lomwe mtengo wasintha. Ena amakhulupirira kasingano ka pa dashibodi, komwe kamakakamira m'mwamba tsiku lonse kenako n'kugwa ngati kakomoka. Njira yomwe ndinatsatira ndi yophweka: mumadzazitsa thanki mpaka pampu itadula yokha, n'kulemba nambala ya makilomita. Mukayenda maulendo anu mumadzazitsanso chimodzimodzi. Malita omwe alowa kachiwiriwo ndiwo omwe galimoto yamwa. Mukagawa makilomita omwe mwayenda ndi malita amenewo, mwapeza kutalika komwe lita imodzi ikukufikitsani.

Kuphweka kwake n'kwa papepala. Thanki yathu imalowa malita pafupifupi 80, ndiye kuidzaza ndi ndalama yoposa K200,000 nthawi imodzi. Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. Zinanditengera masiku awiri kuwafotokozera kuti ndalama yaikuluyo ituluka kamodzi kokha, pambuyo pake tizingobwezera zomwe zatha.

Malume sanaseke. Atawona kopelo anati, "Mphwanga, sukulu yakoyo yafika mpaka pa ine?" Ndinayankha kuti ndikuyeza galimoto osati iwo, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti ndikunama. Kwathu kuno kulemba chinthu m'buku kumamveka ngati kuneneza munthu. Ngongole ya pachibale sitilemba, ndalama yotuma mwana ku golosale sitifunsa lisiti, ndipo woyamba kutulutsa cholembera ndiye amaoneka wopanda umunthu. Ine ndimaona kuti mabizinesi ambiri a pabanja amafera pamenepa: palibe amene akulemba, koma aliyense akuwerengera mumtima, ndipo za mumtimazo palibe angazitsutse.

Mu January ndi February 2024 kope silinandipatse chomwe ndinkafuna. Lita imodzi inkayenda makilomita pafupifupi 11, nthawi zina kutsika pang'ono katundu akachuluka kapena mvula ikavuta. Ndinabwerera ku sukulu ndili wokhumudwa, kope n'kulisiya m'galimoto. Malume ankalemba okha, Lamlungu lililonse n'kunditumizira chithunzi cha tsambalo ndi malisiti pa WhatsApp, opanda ngakhale moni.

Kenako mu March manambala anayamba kutsetsereka: 10.2, 9.7, 9.3. Pofika kumapeto kwa April tinali pa 8.5. Ulendo wathu, kupita ndi kubwera kuphatikiza kutula katundu m'misika, umakwana makilomita 230. Pa 11 umafuna malita 21, pa 8.5 umafuna 27. Malita 6 amenewo anali K16,400 ulendo umodzi, pafupifupi K50,000 pa sabata. Ndinakhala pabedi mu hostel, foni ili m'manja, ndikumva kukoma komwe lero ndimachita nako manyazi. Ndinatsala pang'ono kuimbira bambo usiku womwewo.

Chinandiletsa ndi maonekedwe a manambalawo. Munthu wopopa mafuta m'thanki sapopa mwadongosolo chonchi. Amapopa pamene wapeza mpata kapena pamene zamuthina, ndiye manambala amadumphadumpha. Awa ankatsika pang'onopang'ono thanki iliyonse, osabwerera m'mwamba. Nditayang'anitsitsa zithunzi zija ndinaona tsamba lina lolembedwa ndi dzanja losiyana. Inali sabata yomwe malume anapita ku maliro, bambo n'kuyendetsa okha maulendo onse atatu. Nditagawa ndinapeza 8.6.

Loweruka lotsatira pikapu inapita kwa makaniko. Mkuluyo sanatsegule n'komwe injini poyamba. Anaiyendetsa pang'ono, n'kutsika, n'kuyamba kugwira mawilo limodzi ndi limodzi. La kumbuyo kumanzere linali lotentha losagwirika. Chingwe cha handibuleki chinali chitagwira dzimbiri ndi matope a dzinja, moti buleki sinkamasuka yonse. Kwa miyezi iwiri galimoto inkakwera mitunda ya ku Dedza ikudzikoka yokha. Anapezanso air cleaner itatsekeka ndi fumbi, ndipo matayala awiri anali ndi mpweya wochepa. Zonsezi zimamwetsa mafuta, koma palibe chimodzi mwa izo chomwe chimaimitsa galimoto pamsewu, n'chifukwa chake palibe anazilabadira. Thanki yotsatira inapereka 10.8.

Bambo sanapepese ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Anatumiza tambala kunyumba kwa malume, ndipo mawu a m'mbali aja anatha.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, ine ndili ngwazi ya masamu. Koma mu June, ndikulowetsa zonse mu Excel, ndinayang'ana mzere womwe ndinkaunyalanyaza, wa makilomita okha. Masiku ambiri unkasonyeza 230 kapena pafupi pamenepo. Loweruka lina ndi lina unkasonyeza 275. Kugawa kwanga konse kuja sikukanatha kuona zimenezi, chifukwa makilomita akachuluka malita amachulukanso, ndipo yankho limakhalabe 11. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkayang'ana khomo limodzi, lina lili pululu.

Ndinawafunsa malume pa foni, mawu akunjenjemera. Sanazembe. Anati Loweruka lotere amapatuka kulowa kumudzi kukasiyira agogo shuga, sopo ndi mankhwala awo a BP, ndipo pobwerera ku msewu waukulu amanyamulako anthu a matola kuti apeze kangachepe. "Malipiro anga ndi omwe aja a kwacha isanagwe," anatero. "Ukanakhala iwe ukanatani?" Kenako anawonjezera chinthu chomwe chinandikhala pamtima: "Nambala zimenezo ndinalemba ndine. Ndikanafuna kubisa ndikanalemba zina."

Makilomita 45 ndi malita 4, ndalama yoposa K10,000. Ndi ndalama ya bambo, ndipo pamapeto pake ndi fizi yanga. Koma agogo olandira mankhwalawo ndi agogo anga, mayi wawo wa mayi, omwe ine ndinali ndisanawaone chaka chathunthu. Ndinasunga nkhaniyi milungu itatu. Mu kosi ija anatiphunzitsa kupeza chomwe manambala akunena, koma za amene uyenera kumuuza ukachipeza, ndi nthawi yake, sizinali pa mayeso.

Pomaliza ndinauza mayi, osati bambo. Ena mwa inu munena kuti uku kunali kuthawa, ndipo mwina n'zoona. Zomwe anakambirana kuchipinda sindinazimve. Ndinangoona kuti bambo anakhala masiku angapo osalankhula bwino ndi aliyense, malipiro a malume anakwerako pang'ono, ndipo m'kope munabadwa mzere wachisanu ndi chimodzi wolembedwa "kwa agogo". Za matola bambo anakaniratu, ponena kuti inshulansi ya galimotoyo si yonyamulira anthu olipira. Ngati malume anasiyadi, kope silingandiuze.

Chakumapeto kwa 2024 mafuta anasowa m'dziko muno, ndipo njira yanga yonse inagwa. Kudzazitsa thanki kunakhala maloto. Ukafika pa pampu utadikira tsiku lonse, amakupatsa malita omwe iwo afuna. Masiku ena malume ankagula a m'zigubu kwa mavenda, pamtengo wokwera kwambiri, ndipo chigubu chomwe akuti n'cha malita 20 palibe amene amachiyeza. Pamzere injini inkalira maola ambiri galimoto ikusuntha mapazi ochepa. Nditayesa kugawa ndinapeza 7 sabata ina, 14 sabata yotsatira, manambala opanda mutu. Ndinawauza malume kuti asiye kaye kulemba mpaka zinthu zitakhazikika.

Sanasiye. Lamlungu chithunzi chinabwera monga mwa masiku onse, ulendo uno ndi moni pamwamba. Mizere ya makilomita ndi katundu inali yopanda kanthu, koma m'mphepete mwa tsamba analemba ndi dzanja lawo lopendekera lija: "Lachiwiri tagona pamzere. Lachitatu 10 koloko, malita 15. Ku Lizulu sitinapite."