Ku Chirunga, Komwe Zisudzo Amazilowera M'kalasi

Kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba ndi ulendo wosapitirira ola limodzi ndi theka, bola minibasi isachedwe kudikira anthu pa Namadzi ndi pa Thondwe. Phiri limayamba kuoneka mukadali kutali, ndipo mukalowa m'tauni mumakumana ndi mitengo ikuluikulu ndi nyumba zakale za boma, zokumbutsa kuti kuno kunali likulu la dziko mpaka 1975. Alendo ambiri amakwera kumtunda, ku Chawe. Ine ndinakwera kabaza kutsikira ku Chirunga, chifukwa ndinkafuna kuona malo omwe mwana amatha zaka 4 akuphunzira zisudzo. Makolo ambiri akamva zimenezi funso lawo limakhala limodzi: "Digiri ya sewero? Ndiye udzadya chiyani, mwanawe?"

Koleji ya Chancellor inasamukira kuno mu 1973 kuchokera ku Chichiri, ku Blantyre. Kuyambira 2021 dzina lake ndi University of Malawi, koma wa kabaza ukamuuza kuti "Chanco" sakufunsanso zambiri. Nyumba yomwe makolo amaidziwa ndi Great Hall, komwe amabwera atatchena kudzaonerera ana awo akulandira madigiri. Pafupi pake pali Little Theatre, holo yaing'ono yomwe ambiri amangoidutsa. Ophunzira zisudzo ntchito yawo yaikulu amagwirira mmenemo.

Ndinawapeza akukonzekera sewero, nsapato atavula. Kunalibe nthabwala. Anayamba ndi kuphunzira kupuma, kenaka kutulutsa mawu kuti amveke kumpando wakumapeto popanda kukuwa. Mtsikana wina anabwereza kangapo kulowa pakhomo chabe, mnzake amene ankatsogolera seweroli akumubweza kuti sanaonetse ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. Kunja kwa siteji kuli mabuku. Amaphunzira kulemba sewero, kutsogolera anzawo, kukonza magetsi ndi zovala, mbiri ya zisudzo za maiko ena, komanso zathu zomwe: nthano, miyambo ndi magule. Amalemba mayeso ngati wina aliyense, ndipo kulephera kuliponso.

Mwambowu ndi wakale kuposa nyumbazi. Gulu la Travelling Theatre linayamba cha mu 1970, koleji ikadali ku Blantyre, ndipo ntchito yake inali kunyamula masewero kupita nawo kusukulu ndi m'maholo a m'maboma. Sewero la Steve Chimombo la The Rainmaker, lokamba za M'bona, linachokera pakoleji yomweyi. Nthawi imeneyo lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe ladutsa ku Censorship Board lisanaonetsedwe, choncho olemba anaphunzira kuphiphiritsa, kubisa nkhani za lero m'mbiri yakale ndi m'zining'a. Mantha awo sanali ongopeka. Ndende ya Mikuyu ili m'boma lomweli la Zomba, ndipo mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa pano, anatsekeredwa kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anatenga ophunzira kupita nawo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde. Kumeneko kunalibe siteji kapena makatani. Sewero linkachitikira pabwalo, m'chilankhulo cha eni mudzi, pa nkhani za madzi, ukhondo ndi matenda. Likafika povuta ochita sewero ankaima n'kufunsa oonerera kuti, kodi apa titani? Mayankho ankachokera kwa anthuwo. Njira imeneyi, yomwe amaitchula kuti zisudzo za chitukuko, mabungwe ambiri a zaumoyo ndi zamaphunziro akuigwiritsabe ntchito mpaka lero.

Apa m'pamene pali mbali ya yankho la funso la makolo lija, ndipo tisanamizane, yankho lake si lokoma lonse. M'Malawi muno maholo a zisudzo ndi ochepa. Malo omwe kale anali French Cultural Centre ku Blantyre, komwe anthu ankadzaza Lamlungu masana, anasakazidwa mu 2011. Kudalira ndalama za pakhomo zokha n'kovuta. Du Chisiza Jr., yemwe anakaphunzira ku America n'kudzayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anakwanitsa chifukwa ankalemba yekha, kusewera yekha, n'kumazungulira dziko lonse osatopa mpaka imfa yake mu 1999. Womaliza ku Chirunga lero sapeza kampani yomudikira ndi malipiro a pamwezi. Amalemba masewero a pawailesi, amalowa m'mafilimu ndi m'zotsatsa malonda, amaphunzitsa kusekondale, amatsogolera zisudzo za m'midzi, kapena amayambitsa gulu lake. Nthawi zambiri amachita zingapo pakamodzi.

Madzulo ndinadutsa ku Chikanda, komwe ophunzira ambiri osapeza malo pasukulu amachita lendi. Tizipinda tating'ono, mbaula pakhonde, fungo la usipa, zovala zili pachingwe. Kumeneko m'pomwe ndinaona kuti funso la kholo si lachipongwe ayi. Lendi, chakudya ndi fizi zimachokera m'thumba la munthu yemwe mwina wagulitsa chimanga kapena mbuzi, ndiye ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamayo ikabala chiyani. Wophunzira zisudzo amabwerera kuno mochedwa kuposa anzake, chifukwa kukonzekera sewero kumachitika makalasi akatha.

Zomwe ndinaona ku Chirunga n'zakuti digiri imeneyi siipatsa munthu siteji. Imamuphunzitsa kupanga siteji pomwe palibe, kaya ndi pansi pa mtengo, m'kalasi kapena kuseri kwa maikolofoni. Mwana wongofuna kutchuka angakhumudwe msanga. Koma amene amatha kuimirira pamaso pa anthu 200, kuwakhazika chete, kenaka n'kuwachititsa kukambirana za vuto la m'mudzi mwawo, ali ndi luso lomwe si aliyense ali nalo.

Ndiye inu mayi, inu bambo, mwana akabwera ndi nkhani imeneyi musathamangire kukana, musathamangirenso kuvomera. Mufunseni zomwe wachitapo kale. Kodi analowapo mpikisano wa zisudzo kusekondale, monga wa ATEM uja? Analembapo kasewero ka kutchalitchi kapena ka kusukulu? Amapirira kubwereza chinthu chimodzi kakhumi? Amakonda kuwerenga? Ngati mungathe, pitani naye ku Zomba tsiku lomwe ophunzira akuonetsa sewero, mukhale kumpando wakumbuyo, muone ngati mawu akukufikani. Mukatero mukakambirane kunyumba, nonse mutaona ntchitoyo ndi maso.