Yankho lili pa tsamba 7

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina pakashopu kanga kuno ku Jenda, kuseri kwa amayi ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1. Anatulutsa foni nati, "Akulu, mumavutikiranji inu? Ine app ya nyuzi ndapanga usiku umodzi wokha." Nditaitsegula ndinapeza chikombole chotola pa intaneti, wangosintha dzina ndi mtundu, mkatimo n'kuunjikamo masamba a nyuzipepala ojambula, omwe aja amazungulira m'magulu a WhatsApp. Kuti itseguke ndinadikira mpaka foni kutentha ngati mbatata yootcha. Zinandiwawa. Kumeneko ndi kuba thukuta la mtolankhani amene wakhala tsiku lonse kukhoti osadya, ndipo ndi anthu ngati amenewa amene amatiphera mitengo ife amene timaigwira ntchito yopanga ma app moyenera.

App yanga ilibe nkhani ngakhale imodzi. M'mawa uliwonse imatumiza mafunso atatu okha, lililonse ndi dzina la pepala ndi nambala ya tsamba. Kuti uyankhe, uyenera kuligwira pepalalo m'manja. Mtengo wa nyuzipepala unathawa, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, moti pepala limodzi limaposa bandulo ya WhatsApp ya tsiku. N'chifukwa chake achinyamata amalowa m'magulu a anthu asanu, kusonkherana, kapena amakawerengera kwa ometa tsitsi awiri amene ndinagwirizana nawo. Gulu lopambana pa sabata limalandira mayunitsi.

Za kulemba khodi sindinenapo zambiri, aliyense wofuna akhoza kuphunzira. Chofunika n'chakuti ikhale yopepuka, yoti itel ya makedzana iinyamule, ndipo netiweki ikathawa, monga imachitira ukalowera njira ya ku Embangweni kapena chakumalire ku Mqocha, isunge yankho mpaka ikabwerera.

Pamene pali ntchito ndi pa funso. The Nation ndi The Daily Times onse amasindikizidwa ku Ginnery Corner ku Blantyre, ndipo pofika kuno kumalire a Kasungu ndi Mzimba, nkhani ya patsamba loyamba imakhala itaulutsidwa kale pa Zodiak, itafalanso pa Facebook. Ukafunsa za mutu waukulu, mwana amayankha asanadzuke pamphasa. Ndiye ndimalowa mkati, kumene wailesi sifikako: ndime yachinayi ya nkhani ya ulimi, kalata yopita kwa mkonzi, tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira ntchito, mawu a pansi pa chithunzi. Funso labwino limamuyendetsa munthu. Ndikafuna yankho la kumapeto kwa nkhani, ndimalifunsa mwa njira yoti sangalizindikire asanawerenge koyambirira. Likaphweka, amangoyendetsa chala n'kutseka pepala. Likalimba kwambiri, mawa sabweranso. Mafunso atatuwo amandidyera ola lathunthu, tiyi n'kuzizira pambali. Loweruka ndiye ndimapuma bwino, chifukwa Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News amandipatsa nkhani za m'Chichewa, ndipo magulu amene Chingerezi chimawachedwetsa amathamanga nawo mofanana.

Chimene chinandisowetsa tulo mwezi wathunthu ndi kalembedwe ka mayankho. Kompyuta siidziwa kuti kwa ife l ndi r ndi pachibale. Wina alemba Karonga, wina Kalonga, onse awerenga tsamba lomwelo, koma makina amupatsa mmodzi n'kumumana mnzake. Kuno anthu ambiri amalankhula Chitumbuka, ndipo chilembo cha ŵ pafoni zambiri sichipezeka msanga, ndiye mawu amodzi omwewo amabwera ngati ŵanthu, wanthu kapena banthu. Mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera maso ali psuu, gulu lake litaluza chifukwa cha chilembo chimodzi. Anali atakhoza. Ndinakhala pansi n'kulemba mndandanda wa zilembo zonse zimene timasinthanitsa, kuti makina asanayerekeze yankho aziyamba azisalaza, achotse timikwingwirima ndi zilembo zazikulu, n'kusiya mafupa okhaokha a mawu. Koma ukasalaza mopitirira, mawu osiyana amayamba kufanana, wolakwa n'kukhoza. Mpaka lero mayankho okanidwa ndimawawerenga ndekha madzulo, limodzilimodzi.

Diso limeneli ndinalitenga kwa mkulu wina ku Mzuzu, amene tonse tinkangowaitana kuti Adada. Ndinagwira ntchito mushopu yawo ya fotokope ndi makadi a ukwati zaka zitatu. Iwo khodi sankaidziwa n'komwe. Paunyamata wawo ankasanja zilembo zachitsulo ndi manja m'nyumba yosindikizira mabuku, ndipo ankawerenga mzere chadodolido, wotembenuzidwa, mofulumira kuposa mmene ine ndimawerengera woongoka. Zala zawo zakumanja zinali zokhakhala kunsonga. Ndikapanga khadi la ukwati, ankaligwira patali ndi dzanja lotambasula, n'kutsinzina pang'ono. "Mwana wanga, diso langa layamba kugwera pati? Pamaluwa. Kodi akukwatiwa ndi maluwa?" Ndinkayambiranso. Tsiku lina anandibwezera pulogalamu ya maliro kanayi chifukwa cha mpata wa pakati pa dzina la malemu ndi zaka zawo, mwini maliro akudikira panja. Ndinakwiya tsiku limenelo, koma nditaliona pepala lomalizalo m'manja mwa mayi wamasiye, dzina la mwamuna wake lili poyera lopanda chopanikiza, ndinawamvetsa. Ndi iwo amene anandiuza kuti The Daily Times inachokera ku kapepala ka azungu a minda ka m'chaka cha 1895, kuti Malawi News inayamba mu 1959 nthawi yolimbana ndi chitaganya, ndi kuti The Nation anaiyambitsa ndi Aleke Banda mu 1993. Ankagula pepala tsiku lililonse, n'kulizunguliza ndi bolopeni yofiira paliponse pamene mkonzi wagona. Anatisiya app yangayi isanabadwe. Sikirini iliyonse ndimayamba ndaijambula ndi pensulo papepala, n'kuigwira patali monga ankachitira iwo, ndipo pa sikirini ya funso palibe china koma funso, nambala ya tsamba yaikulu, ndi malo olembapo.

Makasitomala ndiwo amandifooketsa. Mwini golosale wina amene amalipira mayunitsi a opambana anafuna kuti dzina la shopu yake lizithwanima pa sikirini iliyonse, ndi nyimbo pamwamba. Ndinakana, chifukwa zimenezo zimadya bandulo ya mwana ndi batire lomwe watchajitsa ndi ndalama. Tinamvana kuti dzinalo lizioneka kamodzi, munthu akamaliza kuyankha. Wina wobwera kuchokera ku Joni anafuna app ya bizinesi yake ya thiransipoti, nditamuuza mtengo anaseka nati mnyamata uja amupangira ndi ndalama ya ndowa imodzi ya tomato. Apite. Ikadzafa pakatha mwezi adzabwera kuno, ndipo kukonza ntchito ya wina ndimatchaja kuposa kuyamba yanga.

Panopa ndikulimbana ndi nthawi. Masiku ena pepala limafika mochedwa kwa ometa, mafunso n'kukhala atatuluka kale, ana n'kumangozungulira pakhonde la ometa opanda chowerenga mpaka belu la sukulu. Ndikuika batani limodzi pafoni ya ometa aja, loti akalandira pepala adine, mafunso atuluke pomwepo. Mmodzi mwa iwo wandipemphanso kuti ndiwauze anyamata asamang'ambe tsamba la mpira n'kupita nalo, ndiye kuyambira Lolemba funso lachitatu lizichokera kuseri kwa tsamba limenelo.